Mafuta a nsatsi m'kachitsulo ka mdzukulu wanga

Amuna anga malemu adabwerako ku migodi ya ku Joni ndi bokosi lachitsulo, chifuwa chimene chidadzawatenga, ndiponso lamulo la mafuta. Lamulolo ankalinena akupukuta khasu pakhonde: "Chitsulo chimadya, mayi. Ukachimana mafuta chimadzidya chokha." Ku mgodi, ati, munthu wosiya chitsulo chouma ankamuyesa wofuna kupha anzake. Ndipo kwathu kuno, kumtunda kwa Nsipe, m'miyezi yachisanu nkhungu imalowa mpaka m'nyumba, singano n'kufiira ili pansalu. Choncho Lolemba lililonse la nyengo imeneyo ndimatulutsa makasu, chikwakwa, sizasi ndi loko wa bokosi lija, n'kuzidzoza mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Eni ake lamulo adagona kalekale, koma khasu lawo lilipo, dzimbiri silinalilawepo. Ndayamba ndi zimenezi osati kuti ndidziyeretse. Ndikungofuna mudziwe chimene dzanja langa lidazolowera.

Ine cholembera sindidachigwirepo. Akundilemberawa ndi amadamu a ku sekondale ya kumunsi, pafupi ndi msewu waukulu. Iwonso ali m'nkhanimu, ndiye ndikapotoza penapake andigwira.

Ndidalera mdzukulu wamkazi. Mayi ake, mwana wanga wachitatu, adamwalira iye akuyamwa. Bambo ake adatsata njira ya amuna a pamudzi pano, adapita ku Joni nakhala mtchona. Ana anga aamuna awiri ali komwekonso, mawu awo ndimawamva pa Khirisimasi. Ndiye m'nyumba tidatsala awiri. Monga timachitira agogo ndi adzukulu, ndinkamutcha mkazi mnzanga, iyenso n'kumandibwezera.

"Mkazi mnzanga, ndiwo mwathiranso mchere wa mudzi wonse," ankatero. "N'chifukwa chake amuna athu adatisiya."

"Adathawa miyendo yakoyo, yonga ya kakowa."

Tinkakhala choncho.

Atakula ankathandiza kuphunzitsa ku sekondale kuja, kwinaku akudziphunzirira pa intaneti za kalumikizidwe ka makompyuta. Ofesi ina ku Lilongwe idalonjeza kutenga amene akhoze mayeso a maphunziro amenewo. Mayesowo ankalembedwa kamodzi pa chaka, pa intaneti pomwepo, munthu ali pa makina ake amene adawalembetsa, kamera itamuloza kunkhope kuti asabere. Wochedwa ndi theka la ola ankamutsekera kunja mpaka chaka china. Chaka chimenecho tsiku lake lidagwera Lachisanu, m'katikati mwa nkhungu.

Laputopu adampatsa ndi amadamuwa, yakale, yong'aluka pangodya, imene iwo adali atataya nayo mtima. Iye adachotsamo zonse zimene idabwera nazo naikamo zina zotchedwa Linakisi. Ankati zimenezo sizinyoza makina okalamba. "Ndi za anthu ngati inu, agogo, otha mano koma oyendabe." Idadzukadi. Koma chinthu chimodzi chidali chakufa m'kati mwake, ndicho chogwirira waifai, netiweki ija yoyenda mumphepo imene ili m'chipinda cha aphunzitsi. Foni ya amadamu ankatha kuimangirira ku laputopu ndi chingwe, koma netiweki ya foni pamalopo ndi yowonda. Malemba amadutsa modontha, nkhope siyidutsa. Ndipo mayeso ankafuna nkhope.

Kutatsala masabata awiri amadamu adamubweretsera adaputa kuchokera ku Blantyre, kanthu kosomeka m'kabowo ka m'mbali mwa laputopu kuti kazigwira waifai m'malo mwa chakufa chija. Kadali kakang'ono ngati nsonga ya chala changa chachikulu. Kumbuyo kadali kakuda, kutsogolo kachitsulo koyera kokhala ndi kukamwa kotseguka. Ena onse ankaona adaputa. Ine ndidaona chitsulo chosadzozedwa, chayasama m'nyengo ya nkhungu.

Adakasomeka. Palibe chidachitika.

Masiku asanu otsatira ndidawaona ndi maso anga, poti akaweruka ankakhala pamphasa pakhonde, laputopu pamiyendo, ine ndikusankha nyemba pambali. Ankatsegula zenera lakuda bii pagalasipo, n'kugogoda mabatani, timalemba toyera n'kutsika ngati linthumbu.

"Akuti chiyani?" ndinkafunsa.

"Makina akukaona, agogo. Ngakhale nambala yake akuitchula. Koma sakudziwa kulankhula nako. Zili ngati agogo aamuna tsiku loyamba ku mgodi. Kapitawo akuwaona, iwo akumuona, koma chilankhulo palibe."

"Nanga iwo aja adaphunzira ndi makofi. Ukamenye."

"Ndikamenya ndikatha mayeso."

Adati pakufunika dalaivala, malangizo olembedwa ophunzitsa makina kulankhula ndi kachitsuloko. M'kabokosi kake mudali kambale konyezimira kokhala ndi malangizo otero, koma adali a makompyuta a mtundu wina, a m'maofesi. Kambaleko adandipatsa, ndidakakapachika kudimba kuti kaziopseza mbalame. Malangizo oyenera adawasaka yekha ndi nambala ija, kudzera pa foni ya amadamu, kudontha kwake kuja, masana onse. Atawapeza ndidati basi zatha. Adaseka.

"A kwathu kuno sabwera ali ufa, agogo. Amabwera ali chimanga. Ugaye wekha m'makina mwako momwemo."

Tsono chigayo chake nachonso chidali choti akoke pa intaneti, zidutswa zingapo, china chikafika n'kupezeka kuti chikufuna chinzake. Tsiku lina adagaya, linthumbu lidayenda nthawi yaitali, kenaka lidaima ndi mawu amene adamukwinyitsa nkhope. Tsiku linanso chimodzimodzi. Zonse zimene ankapeza ankazisunga pa fulashi, kanthu kena kosungira, kamene ankakavala m'khosi ndi ulusi.

Loweruka masana ndidamumva asanafike, akuimba kuchokera kumtsinje. Adalowa, nakhazika laputopu pa bokosi la agogo ake, nasomeka kanthu kaja. Kumbuyo kwake kudayaka kanyale kabuluu, kakuthwanima ngati chiphaniphani.

"Mwaona? Kakupuma. Ku sukulu ndalankhula ndi mnzanga wa ku Zomba, nkhope ndi nkhope, mpaka ndaona kuti sanapese."

Adandigwira m'chiuno n'kundivinitsa, ine ndikukuwa kuti andithyola. Kenaka adakazula nakaika pazenera, pansalu yoyera, n'kundiloza ndi chala.

"Mkazi mnzanga, amuna ndidakusiyirani. Koma aka osakakhudza."

Lolemba adapita ku Bwanje kukatenga mpunga kwa azakhali ake. Adachoka m'mamawa, nkhungu ili tolo, madzi akudontha kudenga ngati kwagwa mvula. Ine ndidatulutsa zitsulo zanga monga mwa masiku onse. Ndidadzoza makasu, chikwakwa, sizasi. Polowa kuti ndidzoze loko, maso adagwa pazenera. Galasi la zenera lidali litachita thukuta, ndipo nsalu yoyera ija idali yonyowa. Kachitsulo kadali pomwepo, kukamwa kuli yasa.

Ndidaima nthawi ndithu. Mawu a mwana ndinkawakumbukira bwinobwino. Koma ndidati mumtima, iye amadziwa za malemba, za dzimbiri sadziwa. Kanthu kamene wakavutikira masiku asanu kafiire ine ndikuona? Ndidasankha nthenga yaing'ono, ndidaviika, n'kulowetsa m'kamwa mwake. Ndidazunguliza kawiri. Ndidaviikanso, poti kadaoneka ka ludzu. Kenaka ndidaganiza kuti pazenera mponyowa, pansi pali nkhuku, kudenga kuli makoswe. Malo ouma m'nyumba monse, otsekeka bwino, ndi kachitini kanga ka fodya wam'mphuno. Ndidakaponya momwemo, n'kumanga kachitiniko pamfundo ya chitenje. Kadayenda nane tsiku lonse, kudimba, kuchitsime, kakugubuduzika mufodya.

Dzuwa litapendeka ndidamva belu la kabaza kumunsi. Apo mpamene mantha adandigwira. Ndidakatulutsa, ndidakapukuta kunja ndi chitenje mpaka kadawala, n'kukabwezera pansalu monga adakasiyira. M'kamwa mwake sindidayang'anemo.

Lachiwiri adabwerako ku sukulu osaimba. Adakhala pamphasa osavula nsapato. Adasomeka. Kanyale kadayaka, kadazima, kadayakanso, kadazimiratu. Pazenera lakuda mizere idatsika yofananafanana.

"Akuti kabwera, kachoka, kabwera, kachoka," adatero, osandiyang'ana. Kenaka adatembenuka. "Agogo, dzulo simunakakhudze?"

Adafunsa bwino, mopanda ukali. Ndikanati, ndidakadzoza mwanawe, nkhani ikanathera pomwepo, ndi mkangano wa madzulo amodzi. Koma ndidaona chala chija chondiloza, ndidaona masiku asanu aja, ndipo pakamwa padayankha pokha.

"Ine? Zinthu zakozo ndimaziopa."

"Ndimadziwa," adatero. "Ndangofunsa. Ndine ndalakwa. Loweruka lija ndidalola makina kuti akoke zatsopano. Mtima wake uyenera kuti wasintha, ndiye dalaivala sakugwirizananso nawo. Zimachitika."

Adakhulupirira mawu anga kotero kuti kachitsuloko sadakayang'anenso. Maso ake onse adapita pagalasi. Adagayanso. Adabwezera makina ku mtima wake wakale. Adasomeka kubowo lina. Kanyale kankayaka pang'ono n'kumupatsa chiyembekezo, kenaka n'kufa. Ine ndidasenda mbatata zambiri kuposa zimene anthu awiri angadye.

Bodza limenelo ndi la mantha, ndipo Mulungu amadziwa kuti nkhalamba zimaopa adzukulu. Chimene chikundilemera ndi cha tsiku lotsatira.

Lachitatu ndidadzuka nditatsimikiza. Ndidati ndimuuza asanatsike. Mawu ndidawakonza ndikusesa pabwalo, mpaka ndi nthabwala yoyambira ndidaipeza. Adatuluka ndi chikwama kumsana, maso otupa. Ndidatsamira tsache, n'kutsegula pakamwa. Koma iye ndiye adayamba.

"Zikakanika ndiye basi, agogo. Tilimira limodzi mbatata chaka chinanso."

Adanena mongodzitonthoza. Koma mawuwo adagwa mumtima mwanga ngati mvula yoyamba pafumbi. Chaka chinanso. Ndidaona pamsewu pa Nsipe, pamene ndidaimapo katatu kuperekeza anthu anga, poyamba mwamuna, kenaka ana. Msewu umenewo sudandibwezerepo munthu wathunthu. Mmodzi udamubweza akutsokomola, awiri udawasandutsa mawu a pafoni. Ndipo uyu, amene ndidamutafunira phala, nayenso ankakonzekera kukwera pomwepo, ine n'kutsala ndi nkhuku.

Sindidaganize kuti ndimulepheretse. Sindidakonze chiwembu. Ndidangotseka pakamwa, n'kunyamulanso tsache.

"Uyende bwino," ndidatero.

Tsiku limenelo, ku sukulu, adachita chinthu chachikulu. Poona kuti zonse zakanika, adaganiza kuti m'makinamo mwasokonekera penapake posaoneka, ndiye adafufuta zonse n'kuikamonso Linakisi kuyambira pachiyambi. Kuti atero adafunika fulashi yopanda kanthu, ndipo adali nayo imodzi yokha, ya m'khosi ija. Amadamu akuti adamufunsa ngati watsimikiza. Iye adati zimene zili pafulashipo ndi zomwe zakanikazo, akoka zatsopano. Choncho dalaivala uja wa masiku asanu adapita, chigayo chonse chidapita. Adabwera madzulo n'kundifotokozera zonsezi, ine ndikugwedeza mutu ngati munthu wachisoni. Ndidali wachisoni ndithu. Koma ndidamuikira chakudya osaulula.

Lachinayi magetsi adazima ku sukulu kuyambira m'mawa, ndipo foni ya amadamu idatha moto asanakoke zambiri. Mwana adabwerera kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Makina atsopano aja, ngakhale opanda dalaivala, ankayenera kukaona kachitsuloko n'kutchula nambala yake monga tsiku loyamba. Koma ankangonena zomwe zija, kabwera, kachoka.

"Ndiye kuti si makina," adatero yekha. "Ndi kanthuka. Kafa."

Adakazula, nakagwira pakati pa zala ziwiri ngati munthu woyang'ana dzino lochotsedwa. Sindikudziwa chimene chidamuchititsa. Mwina kungotopa. Adakabweretsa pakamwa, nauziramo mwamphamvu.

Adayetsemula.

Adayetsemulanso, kachitatu misozi idatuluka. Adakanunkhiza. Adathyola kaudzu padenga la khonde, nakalowetsa m'kamwa muja, n'kukatulutsa. Kunsonga kwake kudali phala lakuda, lonanda, la mafuta a nsatsi ndi fodya. M'nyumba imeneyo wosuta fodya adali mmodzi.

Sadakuwe. Adangoika kaudzuko pamphasa pakati pa iye ndi ine.

"Nkhungu," ndidatero. "Ndimaopa dzimbiri."

"Liti?"

"Lolemba."

"Ndidakufunsani Lachiwiri."

"Udandifunsa."

"Mukanandiuza, ndikanayang'ana m'kamwamu tsiku lomwelo. Sindidayang'anemo chifukwa inu munati simunakakhudze." Adapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndafufuta zonse dzulo, agogo. Zinali bwinobwino."

Ndikanakonda akanandimenya ndi laputopuyo. Ndikanakondanso ndikananena ndekha, ngakhale mochedwa. Koma sindidaulule ine. Adandiulula ndi fodya.

Adati mafuta otero sachoka ndi madzi, amafuna sipiriti, ndipo sipiriti ali ku sukulu m'kabati yokhoma imene kiyi wake adapita ndi aphunzitsi ena kumaliro ku Manjawira. Ndidafunsa ngati kachasu angathe. Adati ngati ali wa mutu, woyamba kudontha, mwina.

Kutsidya kwa mtsinje kuli mayi wina amene amatcheza kachasu. Ine zaka zonsezi ndinkadutsa pakhomo pake nditayang'ana kumbali, poti ndine wa mpingo, wovala bulauzi yoyera Lachinayi. Tsiku limenelo lidali Lachinayi lomwe, anzanga akubwerera ku mapemphero amene ine ndidajomba. Ndidatenga kabotolo, ndidawoloka iwo akuona. Pabwalo pa mayi uja padali madoda anayi pa benchi.

"Agogo a ku mpingo," adatero wina, akuvula chipewa. "Takhala tikukusungirani malo chiyambire."

"Ndikufuna wa mutu," ndidauza mwini mowa.

"Wa mutu? Oyamba kumene timawayambitsa ndi wosungunula, mayi."

"Si wanga. Ndi wa makina."

"Ifenso ndi wa makina," adatero wina uja, akudzisisita pamimba. "Akapanda kuthiridwa sadzuka."

Adaseka onse, ndi mayi yemwe. Ndidabwerera botolo lili poyera m'manja, osalibisa m'chitenje. Anzanga a mpingo adaima panjira kundipenya. Ndidati manyazi awa ngochepa, ndiwasenze.

Mdzukulu wanga adakulunga thonje pakaudzu, naviika, natsuka. Thonje loyamba lidatuluka lakuda, lachiwiri lofiirira. Adasintha kambirimbiri mpaka lidatuluka loyera. Adakayanika pamwala, padzuwa lotsala. Kenaka adasomeka, nagogoda mawu ochepa. Mzere umodzi udatuluka, n'kukhazikika, osachoka.

"Akukaona," adatero.

"Ndiye zatheka?"

"Tabwerera pa tsiku loyamba, agogo. Akukaona koma chilankhulo palibe. Zimene zidanditengera masiku asanu ndizichite mawa m'mawa, mayeso asanayambe."

Lachisanu adatsika kusanache bwino. Sadandidzutse, koma ndidali maso. Nkhungu itayamba kuyera ndidatenga ndodo n'kumutsata. Sindikudziwa chimene ndinkati ndikathandize. Ndidakakhala pansi pa bulugamu moyang'anana ndi zenera la chipinda cha aphunzitsi. Ndinkamuona msana, ndi amadamu ataimirira pambali pake atakweza foni kuzenera, chingwe chili lende, kusaka pamene netiweki ingadonthe msangako.

Njira ankaidziwa tsopano, sadasocherenso. Chimene chidalibe changu ndi kudonthako. Chidutswa chilichonse cha chigayo chija chinkabwera ngati madzi a pachitsime cha m'chilimwe. Ana adalowa m'makalasi. Bwalo lidakhala zii. Ndidamva aphunzitsi akuyamba kuphunzitsa, ndipo ndidadziwa kuti kwinakwake mayeso ayamba. Amadamu adasintha dzanja, poti lina lidatopa. Ndidapemphera, koma pemphero la munthu amene dzana ankafuna zosiyana limakwera movutika.

Kenaka ndidaona linthumbu likutsika pagalasi, lalitali, osaima. Amadamu adatsitsa foni. M'mbali mwa laputopu kanyale kabuluu kadayaka, n'kuyamba kuthwanima, osazima. Ndidaimirira ndi ndodo. Mwana adagogoda msangamsanga, adakonza tsitsi, adawongola msana kuyang'ana kamera. Adakhala choncho kanthawi. Kenaka mapewa adagwa.

Amadamu akuti theka la ola lija lidali litapitirira ndi mphindi zochepa, zosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Mwana adalemba kalata yopempha, iwonso adaikirapo umboni. Yankho lidabwera patapita sabata, laulemu, loti adzayesenso chaka chamawa.

Tsiku la mayesolo adatuluka n'kundipeza pansi pa mtengo. Sadadabwe.

"Kakugwira bwino tsopano," adatero. "Tiyeni tizipita, agogo."

Tidakwera phiri, iye patsogolo, akuchepetsa liwiro kuti ndisatsalire.

Chaka chija ndidachifuna ndidachilandira, chonse, osaperewera tsiku. Tidalima mbatata limodzi. Ankanditungira madzi, ankandisisita mawondo ndi mafuta a nsatsi omwewo. Sadanditukwanepo, nkhaniyo sadaitchulenso. Koma mkazi mnzanga adachoka m'nyumbamo. Kudatsala "agogo, mwadzuka bwanji", "agogo, madzi afunda", ulemu wokhawokha ngati wa mlendo. Tsiku lina ndidathira dala mchere wambiri m'ndiwo kuti andinyoze. Adadya, nathokoza. Anzake awiri amene adalemba tsiku lija adatengedwa ku ofesi kuja. Ankamuimbira foni, iye n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukayankha, n'kubwerako akumwetulira kumwetulira kopanda mano. Ndikamuona atawerama mumzere, khasu la agogo ake losachita dzimbiri lili m'manja, ndinkadziwa amene wamuika pamenepo.

Kachitsulo kaja ankakasunga m'kabotolo ka mankhwala kotsekeka, m'chikwama chake, chikwamacho n'kugona nacho kumutu. Sadanene kuti akubisira ine. Panalibe chifukwa chonenera.

Nkhungu itabweranso adalemba, ndipo adakhoza. Ofesi ija idali itadzaza, koma patapita miyezi ina idamutenga. Ndidakaima pa Nsipe kachinayi. Minibasi itaima, adakweza katundu, natembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mkazi mnzanga," adatero, "musakadzoze wailesi ndikachoka."

Ndidaseka mpaka kondakitala adandifunsa ngati ndikukwera. Minibasi itapita ndidakhala pamwala.

Amaimba foni Lamulungu lililonse, ndipo pa mwezi kamodzi amabwera ndi shuga ndi nthabwala zake. Ulendo uno wokha ndiye msewu uja ukundibwezera munthu. Adandikhululukira, ndikudziwa. Koma adakhululukira nkhalamba yoopa dzimbiri, imene idanama chifukwa cha mantha. Akamafotokozera anzake amaseka, amati agogo anga adadyetsa adaputa fodya. Za Lachitatu lija, za tsache, za mawu amene ndidawakonza n'kuwameza nditamva kuti chaka chinanso, sadziwa. Chikhululukiro chimene ndili nacho ndi cha mlandu waung'ono. Waukuluwo sunazengedwe.

Amadamu atafika pamenepa anaika cholembera pansi, n'kundifunsa ngati ndikufunadi kuti zimenezi zilembedwe, poti mwanayo ali pa mtendere ndipo ine ndakalamba. Ndawauza kuti ndidatsekapo kale pakamwa kamodzi pofuna kumusunga, ndipo ndidaona mtengo wake. Mapepalawa akupita nawo okha ku Lilongwe Loweruka, akamupatse m'manja. Lamulungu ndikhala pakhonde ndi foni pamiyendo. Ikalira, ndimva liwu loyamba limene anditchule nalo.